Hatchi ya Mkwati Yakana Kulowa mu Kanjira Kathu

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Khonsolo ya Tauni,

Bwana, ndagwira mwendo wanu. Ndine Harbans Saluja, telala wa mu kanjira ka kuseri kwa kachisi, munthu wosayenera n'komwe kukupukutirani nsapato. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo polamula kuti pa ntchito yotola zinyalala pasakhalenso mpikisano, ikhale ya khonsolo yokha. Kale Mayi Phoolwati ndi anzawo ankabwera ndi ngolo zawo m'mawa uliwonse, n'kumatidzutsa ndi wezulo. Munawathamangitsa, ndipo tsopano timagona mpaka dzuwa litakwera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lole yanu yatsopano. Ili ndi chimkuzamawu choimba nyimbo ya ukhondo, yokoma kwabasi. Timaimvera patali ikudutsa pamsewu waukulu, poti mu kanjira kathu siikwanamo. Mkazi wanga anaithamangira kawiri ndowa ili m'manja. Kachitatu bondo linakana.

Chachitatu, zikomo potipatsa phiri la zinyalala. Miyezi inayi yokha, lafika kale pawindo, ndipo ng'ombe za tauni yonse zimadya chamasana kwathu.

Koma pali kanthu kakang'ono, bwana. Loweruka likubwerali mwana wanga Kamini akukwatiwa, ndipo mkwati ayenera kufika pakhomo panga ali pa hatchi yoyera, oimba ng'oma patsogolo, abale ake akuvina. Dzulo mwini hatchi anabwera nayo kudzayesa njira. Itafika paphiri paja inanunkhiza kamodzi, n'kutembenuka yokha. Ndi nyama yoleredwa bwino.

Bambo a mkwati atumiza mawu akuti mwana wawo sangalowe kwa apongozi wapansi ngati wodzafunsa ganyu. Hatchi ikapanda kufika pakhomo, ukwati palibe. Kamini sakudya, ndipo ineyo, ndisakubisireni, ndili ndi mantha. Mayi Phoolwati akuti phirilo angaligumule m'mawa umodzi wokha, koma akalikhudza apolisi anu awalanda ngolo.

Sindikupempha kuti muphwanye lamulo lanu lanzeru, ayi ndithu. Poti zinyalalazi ndi za khonsolo yokha, ndipo khonsoloyo ndinu, chonde bwerani Lachisanu mudzatenge katundu wanu. Fosholo mudzaipeza pakhomo. Ndikukutsimikizirani, bwana, palibe amene adzapikisane nanu.

Ine wanu wopuma mpweya umene mwatisiyira,
Harbans Saluja