A Sizinathe ndi Liwu Lomaliza

Mukafunsa aliyense amene anakhalapo mumsewu wathu uja za a Sizinathe, sadzayamba n'kukuuzani kuti anali katswiri wa gitala, ngakhale kuti ukatswiriwo unali wosachita kufunsa. Adzakuuzani kuti munthuyo sankamaliza nyimbo. Ankaiyamba bwinobwino, n'kuilera, n'kuyenda nayo mpaka pakhomo penipeni. Ndiye patatsala liwu limodzi lokha, lija lotsekera, dzanja lendee, gitala pakhoma, iwo n'kuyamba kufunsa ngati madzi a tiyi awira.

Ine ndinali telala, ndipo shopu yanga inkagawana khoma ndi chipinda chawo. Khomalo linali lopyapyala moti iwo akayetsemula, wopukuta mphuno ndinkakhala ine. Choncho nyimbo zawo ndinazimva zonse, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ndinamva mathero ake.

Paunyamata wawo ankaimba jazi ndi gulu m'mahotela akuluakulu, atavala suti yoyera mbee. Pamene ndinkawadziwa ine, gululo linali litabalalika kalekale, sutiyo itasanduka mtundu wa tiyi wamkaka, iwo akuimba okhaokha pampando wamiyendo yopunduka. Nyimbo zawo zapamtima ankazitcha bulusi. Nditawafunsa kuti n'chiyani chimenecho, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Atelala, ndi kulira kwa munthu amene wavala taye."

Abale anga, munthu uja ankaimba! Chala chachikulu chinkayenda pansambo zonenepa zija pang'onopang'ono, du, du, du, ngati bambo wobwerera kuntchito atatopa, pamene zala zinazo zikucheza pamwamba nkhani zawozawo. Ukatseka maso unkalumbira kuti m'chipindamo muli anthu atatu. Kenaka ankakankhira nsambo imodzi kumbali, n'kuipinda, n'kuipindabe, mpaka ilire ngati chitseko cha nyumba imene unakuliramo. Pamenepo unkakumbukira anthu amene unkayesa kuti unawaiwala.

Ndiye taganizani, munthu wakufikitsa pamenepo, mtima uli m'malere, basi n'kukusiya.

Msewu wonse unkavutika nawo. Wometa wa kutsidya, munthu wapakamwa posatseka, ankaima lezala ili m'mwamba kudikira liwu lomalizalo, mpaka kasitomala kutopa n'kutuluka mutu mbali ina dazi, mbali ina tchire. Mayi wa golosale ankathira shuga pasikelo mpaka kusefukira pansi. Ine tsiku lina ndinasoka mkono wa jekete la aphunzitsi n'kuutseka kumapeto ngati thumba. Aphunzitsiwo analowetsa dzanja, dzanja osatulukira, n'kundifunsa mwaulemu ngati imeneyo ndi fashoni yatsopano.

Wometayo analephera kupirira. Anawoloka msewu thaulo lili paphewa.

"Madala, mukutipha! Kodi liwu lomalizalo mumalibisa pansi pa pilo?"

"Lilipo," anatero iwo akupukuta gitala ndi kansanza.

"Ndiye liimbeni, tipume!"

"Iwe ukameta munthu umadulanso makutu kuti anthu aone kuti ntchito yatha?"

Wometa anabwerera akung'ung'udza. Kuyambira pamenepo, nyimbo ikaima, ankamenya chitini ndi lumo, ngwee, kuti aitsekere yekha. A Sizinathe ankangosuzumira pawindo n'kumufunsa ngati wagwetsa mano.

Dzina lawolo linabwera chonchi. Kunafika bambo wina wa kuwailesi ndi makina ojambulira mawu, atamva mbiri yawo. Tonse tinadzazana pakhomo, osapuma n'komwe. Anaimba tsiku limenelo mpaka mayi wa golosale anapukuta maso ndi epuloni. Atafika paja, zii. Makina akuzungulira. Bambo uja anadikira, n'kudikira, kenaka ananong'ona:

"Zatha, bambo?"

"Sizinathe."

"Chabwino, tikudikira."

"Dikirani. Inenso ndikudikira."

Atatero anadzithirira tiyi. Makina aja anajambula kulira kwa supuni m'kapu, ndipo ifeyo tinapeza dzina.

Anzanga ankaseka nazo, koma ine zinandilowa m'mafupa. Panali nyimbo imodzi, yodekha kuposa zonse, imene ankaiimba masana aliwonse dzuwa likafika pawindo lawo. Imeneyo ikayamba, phazi langa linkachoka lokha pachopondera makina. Ndinkailota, ndinkayenda nayo panjira, koma nthawi zonse inkandisiya pakhomo. Mkazi wanga, amene ankandithandiza kusoka mabatani, ankapukusa mutu.

"Bambo a ana, anzanu amaonda ndi akazi, inu mukuonda ndi nyimbo ya eni ake?"

"Iwe, ndisiye. Ndidzaimva ikutha, zivute zitani. Kaya ayamba kupita ndani pakati pa ine ndi iwo, koma liwulo ndilimva."

Ndinkalankhula mwanthabwala, koma chaka chimene a Sizinathe anayamba kudwala nthabwalayo inandithera. Mlongo wawo, mayi wamfupi wolamula ngati msilikali, anabwera kudzawasamala. Anandibweretsera thalauza lawo kuti ndilichepetse m'chiuno. Pasanapite nthawi analibweretsanso. Atalibweretsa kachitatu, ndinaona kuti posachedwa matumba akumbuyo akumana, ndipo ndinachita mantha. Kuseri kwa khoma gitala inali itayamba kulira mwa apo ndi apo.

Thalauzalo ndinakapereka ndekha. Anali masana, dzuwa lili pawindo. Ndinawapeza atatsamira mapilo, atatsala maso ndi zala zokha.

"Atelala, mwabwera kudzandiyeza za ulendo?"

"Musalankhule choncho, achimwene. Ndabweretsa thalauza."

"Tandipatsirani gitalayo."

Mlongo wawo anatulukira ndi beseni. "Achimwene, gonani! Gitala sithawa."

"Iyo sithawa, chemwali, koma ine."

Ndinawaikira pamiyendo. Anaikumbatira ngati mwana wodwala, n'kuyamba nyimbo yanga ija. Zala zinali zitauma, zinkaterereka, penapake nsambo inkangoti khwe. Koma sindinawamvepo akuimba mokoma ngati tsiku limenelo. Chala chachikulu chija chinkayenda ngati munthu amene waona denga la kwawo patali ndipo sakufunanso kuthamanga. Ndinati mumtima, lero ndi lero. Munthu amene akudziwa kuti akupita sangapite ndi liwu la eni.

Anapinda nsambo, n'kuipinda, n'kufika paja. Dzanja lendee.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ine amene ngakhale posamba sindiimba, pakamwa panga panatuluka kaliwu, mmmm, konjenjemera ngati mbuzi yachimfine. Ndinachita manyazi mpaka m'makutu munatentha.

A Sizinathe anandiyang'ana. Kenaka anaseka, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, mlongo wawo n'kuthamanga ndi madzi.

"Mwaphonya, atelala."

"Pepani, achimwene."

"Ayi, musapepese. Mwaphonya ndendende ngati mayi aja."

Akazi awo ine sindinawaonepo. Anamwalira ndisanatsegule shopu, ndipo iwo sankawatchula. Tsiku limenelo ndi pamene anandiuza. Mayiwo ankachapa ndi kusita zovala za anthu m'kachipinda kakumbuyo, chitseko chili chotsegula. Bambo akamaimba, liwu lomaliza ankawasiyira, iwo n'kuling'ung'udza ali pasimbi pomwepo.

"Mawu awo anali oipa, Mulungu awakhululukire," anatero akupukuta misozi ya kuseka ija. "Sankafika paliwu loyenera, komanso sankagwera lapansi pake. Ankatera pakati, apa." Analoza pakhosi pa gitala, pakati pa timizere tiwiri tachitsulo. "Gitala ilibe malo amenewo. Mukaona ndikupinda nsambo chonchija, ndiye kuti ndikulifunafuna. Ndimayandikira, koma osafika."

"Nanga bwanji osangoimba loyeneralo?"

"Ndinayesapo kamodzi, nditangowataya. Nyimbo inatha bwinobwino, koma mayi aja munalibemo."

Kutsidya kwa msewu tinamva chitini cha wometa, ngwee, mochedwa monga mwa nthawi zonse.

"Tiyambirenso," anatero. "Koma atelala, musayesere kukonza. Mukakonza ndikuthamangitsani."

Tinayambiranso. Iwo anaimba, n'kusiya, ine n'kuphonya. Anatseka maso, akumwetulira, n'kunena chapansipansi kuti, "Eya. Yatha." Mlongo wawo anali chiimire pakhomo, beseni likudontha pamapazi ake, osazindikira.

Masabata otsatirawo ndinkatseka shopu dzuwa likafika pawindo lawo, n'kupita kukaphonya. Ndiyo ntchito yokhayo pamoyo wanga imene ndinatamandidwa chifukwa choilakwitsa. Kenaka m'mawa wina mlongo wawo anabwera kudzapempha kuti ndisite suti yoyera ija.

Chipindacho tsopano muli okonza mafoni. Amatsegula wailesi tsiku lonse, ndipo nyimbo zake zonse zimatha, zimatsekeka kuti gwa ngati sutikesi. Wometa amameta mitu yathunthu, koma pakamwa pake panachepa mawu, ndipo chitini chija amasungiramo zipeso. Shuga wa pagolosale sasefukiranso. Msewu wonse ukuyenda bwino, palibe amene akudikira chilichonse, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinadziwe kuti kudikira kuja n'kumene kunkatisunga pamodzi.

Ine maso anafooka, ndimangosoka zigamba ndi mipendero. Komabe dzuwa likafika pawindo lija, phazi limachoka lokha pachopondera. Ndimatchera khutu kukhoma, nyimbo ija n'kuyenda m'mutu mwanga, du, du, du, mpaka pakhomo paja. Ndikaona kuti palibe woitsekera, ndimatulutsa kaliwu kanga.

Mkazi wanga amakweza mutu pamabatani ake. "Bambo a ana, mwaphonyatu."

"Ndikudziwa, amayi," ndimatero. "Ndi pomwepo."