Bokosi Langa Lachitsulo pa Geti la Koleji

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti sindikanauza munthu, koma poti inu a Zuze ndi a Mpoto mwalimbikira kufunsa chomwe nkhope yanga yatupira, imvani. Woseka anyamuke.

Mukudziwa kuti lero mwana wanga Tinenenji amapita ku koleji. Mukulidziwanso bokosi langa lachitsulo lija ndinabwera nalo kuchokera ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Ndinalipala dzimbiri ndi mchenga, kulipaka penti, n'kulembapo TINENENJI CHIMBALANGA ndi dzanja langa lomweli la Sitandade 4. Kiyi wake ndinasunga m'khosi muno, kuti ndidzamupatse pokwera basi, chifukwa pakhomo paja pali manja ambiri. Ndiye dzulo alamu anga a Khombe, malume ake a mwanayo, anatulukira ndi sutikesi ya mateyala ndi zipi, yodzaza mafayilo, makope, zolembera zamitundumitundu ndi tizitsulo tina tosadziwika ntchito. Ndinamufunsa mwana kuti, "Utenga chiti?" Iye anati, "Ndiona mawa, bambo." Ndinagona ndi mawu amenewo.

Ndiye m'malotomo ndinali nditasenza bokosi lija, Tinenenji ali patsogolo, tikuyenda mumsewu wolembedwa mizere ngati kope. Ukaponda kunja kwa mzere phazi limamira. Ndiye bokosi linayamba kuyankhula pamutu panga, mawu ake a kapitawo wa ku esiteti uja ankatimana ufa.

"Chimbalanga, nditule. Ukundichititsa manyazi."

"Khala chete," ndinatero. "Ndakupaka penti ine."

"Penti wake wotsala pa chitseko cha tchalitchi," linatero.

Mwadzidzidzi tinali pa geti la koleji, lalitali mpaka kumitambo, ndiye kumbuyo kwathu kukumveka gudugudu, ndicheuke, ndi sutikesi ija ikudziyendetsa yokha, a Khombe atakhala pamwamba pake atavala jekete, akugwedezera dzanja anthu omwe panalibe. Mlonda wa pageti anaimika ndodo.

"Katundu aliyense anene ntchito yake!"

Ndiye sutikesi inayasamula, zinthu n'kutuluka pamzere ngati asilikali. Rula anagunda chidendene n'kunena kuti, "Ine ndimawongola zokhota," akundiyang'ana msana. Sitepula inati, "Ine ndimaluma kuti zinthu zisabalalike." Kachitsulo koboola mapepala kanangoseka ndi mano ake awiri. Pomaliza panabwera kalabala, kakang'ono, koyera, kaulemu kwambiri. Kanagwada n'kuti, "Ine, bwana, ndimathandiza anthu kuiwala."

Mlonda ankavomera ndi mutu, ndiye ndikuona lilime lake lagawikana pawiri, yunifolomu yasanduka mamba, ndi ng'azi tsopano, chipewa chokha chili pamutu. Inanyambita bokosi langa.

"Nanga ichi ntchito yake n'chiyani, madala?"

"Limasunga," ndinatero. "Khoswe sanalowemo. Mbava inathyolerapo chikwanje. Mvula inagwetsa nyumba, koma bulangete linatuluka louma."

"Kuno sitisunga," inatero ng'azi. "Kuno timasanja. Lowani mukasanjidwe."

Ndiye tinalowa, koma mkatimo sinali koleji, chinali chigafa cha fodya cha ku esiteti chija, chokhacho kuti m'malo mwa masamba munapachikidwa mapepala, akuuma, akununkha chikonga. Pakati panali tebulo, patebulo mayi wa kolala yoyera ali ndi chidindo. Anandimwetulira, ndiye ndinadziwiratu kuti pali chiwembu, chifukwa wa muofesi akakumwetulira ndiye kuti zako zatha kale. Mwadzidzidzi mphuno yake inatalika n'kuuma, manja n'kumera nthenga zakuda, kolala yokha n'kutsala yoyera. Khwangwala.

"Mtsikana, chilichonse pamalo pake," anatero khwangwala. "Zolembera?"

"M'kathumba aka," anatero Tinenenji.

"Makope?"

"Apa, lililonse ndi phunziro lake."

"Nanga abambo awa alowa mufayilo iti?"

Mwana wanga anayamba kutsegula mafayilo. Yofiira inali ya maphunziro. Yachikasu ya zachipatala. Yobiriwira, yonenepa bwino, inatsegula yokha pakamwa n'kunena kuti, "Ine ndine ya amalume." Anafufuza, anakutumula sutikesi.

"Ya bambo palibe," anatero motsitsa mawu.

A Khombe anandisisita paphewa. "Alamu, musadandaule. Mwanayu ndi wa kwathu. Inu munangobwera kudzakwatira."

Ndinafuna kuwakumbutsa yemwe ankamubereka kumsana mwanayo kupita naye kuchipatala chaka cha chikuku, iwo ali ku tauni osayankha ngakhale uthenga, koma ndisanatsegule bwino pakamwa sitepula inadumpha, khatcha! khatcha! milomo yanga yalumikizana. Ndiye kachitsulo ka mano awiri kanakwera paphewa n'kundiboola khutu, kakuti, "Mwina tikawaboola alowa penapake." Anandiyesa mufayilo yofiira, miyendo inatsalira kunja. Anandiyesa muyachikasu, inandilavula. Rula anandiyeza kuyambira kumutu n'kulengeza kuti, "Sitandade 4. Sakukwana paliponse."

Khwangwala anajompha chidindo. "Zosakwana paliponse zifufutidwe."

Ndiye kalabala kaja kanabwera chokwawa, kakuti, "Pepani, bambo, sizipweteka." Kanakwera pabokosi n'kuyamba kufufuta dzina, kuyambira kumapeto. Kanasiya TINENENJI, kakudya CHIMBALANGA. Chilembo chikachoka, chala changa chimodzi chimachokanso. A Mpoto, ndinayang'ana manja awa, awa anasoka fodya mpaka zikhadabo kuda, akutha ngati sopo m'madzi, nyenyeswa zake zikugwa pansi, khwangwala akutola.

Mwadzidzidzi Tinenenji anakuwa. "Basi! Asiyeni! Bokosilo nditenga, ndi la bambo anga!"

Kalabala kanaleka kufufuta. Ngakhale mapepala analeka kugwedera. Mtima wanga unabwerera m'malo.

"Litsegule tione ngati zinthu zako zikwanamo," anatero khwangwala.

Mwana anagwada patsogolo panga. Sanalinso wamkulu, anali kamtsikana kaja ka mutu wometa, kope lake lili mujumbo ya shuga. "Bambo, ndipatseni kiyi."

Kiyi ali m'khosi mwanga, mkati mwa malaya. Ndimuuze bwanji, milomo ndi yolumidwa? Ndimutulutse ndi chiyani, manja palibe? Ndinagwedeza mutu kuti aone chingwe, iye n'kumayesa ndikukana.

"Bambo, ngakhale ine simundikhulupirira?"

"Waona?" anatero a Khombe. "Ndinakuuza. Munthu uyu amakhoma ngakhale mchere."

Ndiye bokosi linaseka ndi mawu a kapitawo, n'kutsegula lokha chivindikiro, likuti, "Mwini wake yekha ndiye akwana muno." Ndinapezeka ndapepuka ngati malaya ochapa, ndiye mwana wanga yemwe anandinyamula, akulira misozi yabuluu ngati inki, n'kundipinda bwinobwino, manja a malaya mkati, miyendo pamwamba, mmene anamuphunzitsira mayi ake.

"Pindani mawondo, bambo. Muno simulowa khoswe. Ndikupezani pa holide."

Chivindikiro chinatsika. Loko anati kete, kiyi ali ndi ine mkati. Mdima wake wonunkha penti. Ndinkamva kunja ng'azi ikuitana wotsatira, khwangwala akudinda, ndiye pamwamba pa zonsezo panamveka chinthu chikung'amba mdima kuchokera uku mpaka uko, phokoso lalitali, losalala, ngati munthu akusoka thambo.

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, thukuta lili chonchi, dzanja lili pakhosi, kiyi ali pomwepo. Ndinawerenga zala, zonse zilipo. Ndiye phokoso lija linamvekanso, kuseri kwa khoma, kuchipinda kwa mwana, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa wina.

Inali zipi, a Zuze. Bokosi langa lilibe zipi.