Papaya Wamwamuna Uja Ndinamugwetsa

Mpaka lero anthu akwathu kuno ku Nkhulambe akandiona ndanyamula chikwanje, amathamanga kukaima patsinde pa mitengo yawo. Mlandu wake ndi wa papaya.

Akazi anga, mayi a Esinati, anadzala mapapaya asanu kuseri kwa nyumba. Anayi ankabereka mochita kupendekeka, ndipo mayiwo ankawanyadira kuposa mmene amandinyadira ine. Wachisanu ankangolendewetsa timaluwa ngati ndolo, chipatso ayi. Wamwamuna ameneyo.

Ine sukulu ndinalekera pomwe aphunzitsi anayamba kufunsa zovuta, koma kuganiza ndimaganiza. Ndinati, kodi chinangwa chili ndi mwamuna? Timangodula kamtengo n'kuzika, chamera. Nthochi nayo mwana amangotulukira pambali pa make. Nanga waulesi uyu akudyeranji manyowa athu?

Ndinayamba mwaulemu. Ndinamumangirira chitsononkho m'chiuno, monga timachitira kuno, kuti achite manyazi abereke. Manyazi analibe. Ndinamuveka chitenje chakale cha mayi a Esinati (ndinauzidwa pambuyo pake, mokweza mawu, kuti sichinali chakale). Osabereka ndithu. Tsiku lina mayiwo atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinamugwetsa. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma ndinazungulira kwa anansi onse n'kumawalangiza kuti nawonso adule awo. Anandimvera. Imvi zanga zinawapusitsa.

Patapita miyezi, maluwa a mapapaya aakazi aja anayamba kuyoyoka. Kapapaya kakangofika ngati dzira, phii pansi. Mayi a Esinati anasiya kundilankhula, madzi osamba ankangoloza ndi mlomo. Pofuna kukonza zinthu ndinadula nsonga ya papaya wina n'kuizika ngati chinangwa. Inawola, n'kununkhitsa bwalo lonse. Anatsala atatu.

Mayiwo anaitana alangizi a zaulimi, mtsikana wa ku Mzimba woyenda pa njinga yamoto.

"Agogo, wamwamuna ali kuti?" anafunsa alangiziwo.

"Anasamuka," ndinayankha, nditapondera chitsa.

"Wasamutsidwa ndi chikwanje ameneyo," anatero mayi a Esinati.

Alangizi anaseka mpaka kugwira khoma. "Agogo, chinangwa mukachizika sichinabadwe mwatsopano ayi. Ndi mtengo womwewo ukupitirira, n'chifukwa chake chowawa chimakhalabe chowawa. Koma papaya wanuyu ndi ngati anthu. Make amapereka theka, mungu wa bambo umabweretsa theka linalo, ndiye njere imapangika. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi safanana ndendende."

"Nanga amakumana bwanji poti wamwamunayo sayenda?"

"Tizilombo touluka ndiye ankhoswe ake. Tsopano mwadula amuna mudzi wonse, ankhoswewo atenga kuti mungu?"

Chilango changa chinali kukasaka maluwa a papaya wamwamuna kumudzi wina kumene nzeru zanga zinali zisanafike. Ndinabwerera nditawamangirira pachiwongolero cha njinga, mtolo wonse. Anyamata a kabaza pamsika sanandisiye.

"Madala, mukukafunsira kuti ndi maluwa amenewo?"

"Ndikufunsirira mnzanga!" ndinakuwa, ndipo sikunali kunama.

M'mawa mwake, nkhalamba ine ndinakwera pamtondo, kumakhudzitsa kaduwa kakamuna pa duwa lalikazi, limodzilimodzi, anansi aja atandanda kumpanda kudikira kuti ndikamaliza ndikachitenso kwawo (ndinakachitadi, mawondo akulira).

Mapapaya anagwira. Loyamba litapsa, mayi a Esinati analisenda, n'kundipatsa chibenthu chachikulu. Kenaka anandilankhula, koyamba chiyambire mlanduwo.

"Ndiye alangizi aja akuti chinthu chikhoza kumangokhala pakhomo, osabereka, kumangodya, koma chili ndi ntchito?"

"Anatero kumene."

"Mwapulumuka, bambo. Nanenso chikwanje ndinali nditanola."

Ndinatafuna papaya langa mpaka kulimaliza. Kuyambira tsikulo, mtengo uliwonse wooneka waulesi ndimaupatsa moni.