Nyimbo ya Amayi a M'chipinda Chakumapeto

Lolemba
Chifunga tii paphiri. Ndikukolopa khonde la loji, ndikumva munthu akuimba. Ndi mlendo wathu, mayi wachizungu wokalamba, wa m'chipinda chakumapeto. Akuimba yekha! Palibe ng'oma, palibe gitala, maso atseka, dzanja lili pakhutu. Mawu sindikumva, koma nyimboyo ikukwera, kutsika, kenaka kukhota ngati msewu wa kuphiri kuno. Mopu yauma m'manja.
Chisoni changa n'chakuti palibe wowavomera. Munthu angaimbe yekha ngati alibe abale? Akuchoka Lamulungu. Loweruka ndiwavomera ine, motsitsa, kuseri kwa chipilala. Sindiuza aliyense.

Lachiwiri
Ndawauza a Jailosi, ophika athu. Pakamwa panga!
Akuti, "Ameneyo ngwa ku Sikotilandi, kuimba kwake n'kwa amishoni athu." Iwo ndi mkulu wampingo ku CCAP. A Nampinga, osamalira maluwa, ndi a Katolika, akuti, "Bodza, achimwene! Ngwa ku Ayalandi, ansembe athu amakoka mawu choncho." Nyimboyo palibe akuifuna, onse akufuna mwini wake.
Akuti ndikafunse ine poti ndimawayalira bedi.

Lachitatu
Ndalowa m'chipinda mwawo, ndikuti ndifunse. Zomwe zatuluka:
"Gudumoning'i."
"Thawulo."
"Sole."
Ndatuluka chafutambuyo, ndagunda ndowa.
Nyimbo ndagwirako pakati pokha, kung'ung'udza basi. Ndikuyesera m'chipinda chochapira zovala, mpope uli wotsegula.

Lachinayi
A Jailosi awapangira phala lamchere, opanda shuga. Akuti a ku Sikotilandi amamwa lotero. Amayiwo amaliza mbale yonse. A Jailosi akuyenda ngati apambana chisankho. A Nampinga akuti, "Mlendo waulemu amamaliza ngakhale phala lopserera."
Mbale ndakaperekera ine. Amayiwo andiyang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu
Tsiku la a Nampinga. Akuti amayiwo akakana nyama lero ndiye kuti ndi Mkatolika wa ku Ayalandi. Akana nyama! A Nampinga avina kukhichini. Kenaka amayiwo akananso chambo. Akuti sadya chilichonse chokhala ndi maso.
Choipitsitsa: a Jailosi andimva ndikung'ung'udza. Akuti, "Mwanawe, mawu akowo ngati udzudzu. Mawa tikuthandiza tonse." Ndati ayi. Mwina ndinanena mumtima.

Loweruka
Mayo ine!
Amayiwo ayamba kuimba pakhonde. Ine ndili kuseri kwa chipilala, ndatsegula pakamwa. Mpweya wokha. Kenaka kumbuyo kwanga:
a Jailosi ndi besi ya kutchalitchi,
a Nampinga akuomba ndowa,
azimayi ochapa ndi nthungululu,
wogulitsa masitiroberi pageti, amene palibe anamuitana, akudula chiuno.
Amayiwo atsegula maso, asiya kuimba. Abwana athu abwera akuthamanga. A Jailosi akuloza ine: "Nzeru zake ndi za mwanayu."
Amayiwo alankhula modekha, abwana akumasulira. Nyimboyo ndi ya ku Mangalande, yakalekale. Ndi mtsikana akulira bwenzi lake lomwe linamira m'nyanja, mtembo osapezeka. Taivinira maliro! Ndi nthungululu!
A Nampinga, ndowa ikadali m'khwapa, afunsabe za kwawo. Amayiwo aseka. Akuti bambo awo anali a ku Sikotilandi, mayi awo a ku Ayalandi, anakulira ku Mangalande, koma anabadwira konkuno, ku Masongola, nthawi ya atsamunda.

Kenaka a Jailosi: "Ndiye ndi Mnyanja." A Nampinga: "Mlomwe ameneyo, taonani msinkhu."
Ine ndakabisala mochapira zovala mpaka galimoto ya mkate itapita.

Lamulungu
Apita m'mawa. Anandifunafuna, akuti, koma ine ndinali kuseri kwa thanki ya madzi. Sindinawavomere, sindinawatsanzike.
Ndatsikira kwathu ku Likangala. Nyimbo yatsika nane, pakati pake pokha. Ndakhala kuseri kwa bafa, ndatseka maso, dzanja pakhutu, ndaimba ndekha. Ikumveka bwino chonchi. Mwina nyimboyi siinkafuna wovomera.
Azakhali andipeza. Aona dzanja pakhutu, akuti khutu likundiwawa. Andigoneka chammbali, andithira mafuta ophikira m'khutu.