Kiyibodi Yokana Kusiya pa Ukwati wa Esinati

Kuli mabanja ena kwathu ku Domasi, kwa Malemia, amene mpaka lero akandiona pa ukwati amandipatsa mpando wakutali ndi zingwe. Sindiwaimba mlandu.

Ndinakulira kwa agogo, makolo atatisiya ndili wamng'ono. Ndinali mnyamata wosayankhulayankhula, luso langa linali kuyang'ana. M'zaka zija zipani zitangochuluka kumene, amalume anaitana a Mponda, woimba wa ku Zomba, kuti adzaimbe pa ukwati wa mwana wawo Esinati. Anabwera ndi kiyibodi yoyendera batire ya galimoto. Madzulo operekeza akwati ankayeserera sitepe yolowera m'tchalitchi, ija yapang'onopang'ono, ine nditakhala pambali.

Ndinaona chinthu. A Mponda akadina batani lofiira, ng'oma zinkayamba zokha. Akaika chala chimodzi kumanzere, gitala ndi malipenga n'kulowa. Dzanja lamanja linkangoyendayenda, maso ali pa atsikana operekeza.

"Kodi akatswiri enieni amaimbira zoterezi?" ndinawafunsa.

"Mphwanga," anatero, "katswiri satuluka thukuta."

Tsiku la ukwati, wanjinga wina anabwera ndi uthenga woti minibasi imene a Mponda anakwera kuchokera ku Zomba yafera pa Naisi ndipo akuthandiza kukankha. Kiyibodi inali itagona kwa amalume. Akwati anali ataima kale pakhomo la tchalitchi, amalume atagwira m'mutu. Apo pakamwa panga, pamene sipankatseguka chisawawa, panatseguka.

"Ndingayese."

Agogo sanadikire kuti ndiganizenso. Anatembenukira amayi anzawo a mumpingo. "Khalani pansi inu. Mdzukulu wangayu ndi katswiri, amangobisa." (Anali asanandimvepo ngakhale ndikuliza likhweru.)

Ndinadina lofiira. Ng'oma zinayambadi, koma osati zija. Ana a amalume anali ataseweretsa mabatani, ndiye chimene chinatuluka chinali kwasakwasa weniweni wa m'malo omwera mowa. Operekeza anayang'anana, kenako anatsata ng'oma, poti mwendo wa munthu wa ku Domasi sutsutsana ndi ng'oma. Esinati, amene ankayenera kuyenda chowerama ngati akukana, anafika kutsogolo akupuma wefuwefu, mkwati akumuthamangira m'mbuyo atagwira jekete.

Ndinadina batani lina kuti ndichepetse liwiro. Kunalira malipenga. Ndinadina lina. M'kiyibodimo munamveka anthu akuwomba m'manja (sindikudziwa kuti ankawombera yani). Batani lachitatu linawonjezera liwiro.

Abusa anakweza dzanja. "Tiyeni tipemphere."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti masiku onse aja ndinkangoona poyambira. Nyimbo ikamatha, maso anga ankakhala ali kumene kunali maso a a Mponda. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti pozimitsira ndi batani lofiira lomwelo. Amene anapanga chinthu chimenechi analibe chifundo.)

Abusa anandiyang'ana. Pofuna kuwasonyeza kuti si dala, ndinakweza manja onse awiri m'mwamba. Nyimbo inapitirira bwinobwino, mwinanso kuposa pamene ndinkathandiza. Tchalitchi chonse chinaona.

"Mayo ine, chikuimba chokha!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Agogo anadzuka, anamanga bwino chitenje, anayenda pakati pa mabenchi osathamanga, n'kuzula chingwe pa batire ngati akuzula chinangwa. Kunangoti zii.

"Pempherani, abusa," anatero.

A Mponda anafika akwati atalumbira kale, fumbi mpaka m'nsidze. Amalume anawalandira mwaulemu ndithu, kenako anawafunsa pamaso pa anthu: "Pepani a Mponda, chinthuchi taona kuti chimadziimbira. Nanga inuyo mumakhala mukupanga chiyani?" A Mponda anandiyang'ana nthawi yaitali. Kuchokera tsiku limenelo sanandiyankhenso moni, ndipo ku Domasi sanaitanidwenso.

Pobwerera kunyumba, titawoloka mtsinje, agogo ananditembenukira.

"Ndawauza amayi aja kuti unadwala mutu," anatero.

"Zikomo, agogo."

"Usathokoze. Mawa ugone tsiku lonse, akubwera kudzakuzonda."

Ndinagonadi. Anabwera ndi nthochi, anandipempherera, ndipo mmodzi anapempha Mulungu kuti luso langa alisunge kaye mpaka nthawi yake. Nthawiyo sinakwanebe. Koma ndisaname, ndikaona kiyibodi pa ukwati, chala changa chimayabwa ndithu.