Ndinaitanira Minibasi mu Mtima wa Mwandida

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndikuitanira minibasi m'kati mwa mtima wa mwana wanga Mwandida, uja madokotala anamuika chitseko chatsopano cha mtima. Depoti yake inali nyumba ya zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi, makoma akufinyana n'kumasuka. Okwera onse anali magazi. A kumanja anavala zothimbirira, otopa, akukuwa, "Kumapapo! Kumapapo!" A kumanzere anavala zofiira psuu, akuimba ngati akuchokera ku chinkhoswe.

Ndiye ndinadzaza a kumanjawo, tikutsika kuchipinda chapansi, chitseko chinandilankhula.

"Akondakitala, pano n'podutsa kamodzi. Wolowa sabwerera."

"Si inu munkalola anthu kubwerera m'mbuyo, mwana wanga n'kumapuma wefuwefu?" ndinafunsa.

"Ameneyo anali mkulu wanga, anapuma pantchito. Ine ndine watsopano, mundiona."

Mwadzidzidzi wapolisi wa pamsewu anatiimika. "Chitseko ichi chilibe chiphaso. Ndikutseka msewu!"

Nyumba yonse inangoti zii. Nyimbo ya kumanzere inaduka, makoma anaima. Ine ndinagwada pamaso pake. "Bwana, mukatseka pano mwana wanga sadzuka."

Ndiye iye potsegula pakamwa kuti andikalipire, panangotuluka "kwaa, kwaa," malaya ake oyera atasanduka nthenga. Anali bakha! Mkulu wa khonsolo anathamanga kudzamuthandiza atanyamula chidindo, koma asanafike anasanduka kamba, chidindo chili pamsana, akupemphabe kuti timudikire.

Chitseko chinaseka chikhakhali n'kutseguka, tinadutsa, icho n'kudzitseka kumbuyo kwathu, gu! Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerera. Bakha uja anakokoloka nafe, akusambira mosangalala, chipewa chili pamutu.

Ndiye tinafika kumapapo, kukuwomba kamphepo ngati ka ku Dedza, zovala za okwera zonse zinafiira, chiwongolero chinayambitsa nyimbo, dalaivala anachisiya n'kumavina. Mwadzidzidzi mawu a Mwandida anamveka padenga: "Ababa, gwiritsitsani, ndikufuna kuthamanga!" Makoma anayamba kugunda mwaliwiro, ine ndili lendee pakhomo la minibasi, ndikuseka mpaka misozi.

Chinandidzutsa ndi chingwe chomenya pansi, phaa, phaa, phaa. Mwandida ankadumpha chingwe pabwalo, mayi ake akukuwa, "Pang'onopang'ono, iwe!" Sindinadzuke msanga. Ndinangogona chagada, n'kumamvetsera.