Jakisoni M'kontena ya Majarini

Pali zinthu zina ukazikumbukira uli pa minibasi umangotulutsa kaphokoso wekha, oyandikana nawo n'kuyamba kusendera. Ine changa ndi kontena ya majarini. Mpaka lero ndikaiona m'golosale ndimayang'ana kumbali.

Nthawi ya Kolona ija n'kuti nditatha zaka zisanu ndi chimodzi pabanja, wopanda mwana. Aliyense wondifunsa, kuyambira apongozi mpaka anzanga a pakampani yathu yosindikiza makalendala, ndinkamuyankha monyada kuti, "Ife tikulera kaye." (Kulera chiyani, poti ngakhale mphaka tinalibe?) Zoona zake n'zakuti ine ndi amuna anga tinali titayamba kuyendera kachipatala kena ka dokotala wa amayi, mwakachetechete.

Vuto linali nthawi. Ntchito inali itachepa, anzathu anayi atauzidwa kale kuti akadikire kunyumba, ndiye wopempha tchuthi ankakhala ngati akudzilozera yekha khomo. Tsiku lokaunikidwa likafika ndinkangonamizira maliro. Azakhali anga a ku Dowa ndinawaika m'manda kawiri, eni ake ali moyo akusola mtedza. Bwana wathu, a Kamanga, anagwira chibwano n'kunena kuti, "Mtundu wanu uthatu ndi matendawa, pepani."

Kenako dokotala anandipatsa jakisoni wothandiza kutenga pathupi, wodzibaya ndekha pamimba. Namwino anatsindika zinthu ziwiri: mankhwalawo azikhala pozizira, ndipo ndibaye Lachinayi folo koloko yeniyeni.

"Mukaphonya, mayi, mwezi uno wapita," anatero.

Folo koloko ya Lachinayi ndi nthawi ya ntchito, ndipo kuika azakhali kachitatu sikukanatheka. Choncho m'mawa ndinatenga kabotolo kaja, sirinji, ndi ayisi wopempha kwa aneba ogulitsa mafirizesi, n'kutsekera zonse m'kontena yakale ya majarini. Kuchokera ku Area 23 mpaka m'tauni chikwama ndinachifungatira ngati khanda. Pageti alonda anandiloza pachipumi kamfuti kawo koyezera kutentha, ine mtima uli m'chikwama. Kontena ndinaikankhira kumbuyo kwenikweni kwa firiji ya kuofesi, kuseri kwa mabotolo a madzi, n'kudziyamikira kuti ndine wochenjera.

Pampando sindinakhazikike. Diso pa wotchi, diso pakhomo la kukhitchini. Kalendala imene ndinkakonza tsikulo ndinaipatsa miyezi iwiri ya Juni.

Cha m'ma thu koloko kunamveka mfuu. Anali Mayi Nachisale, otiphikira tiyi, amene ankafuna majarini opaka buledi wa bwana.

"Bwerani mudzaone, anthuni! Atibweretsera katemera mobisa!"

Mukumbukire mmene zinthu zinalili. Mafoni anali odzaza ndi mauthenga oti katemera amatseka kubereka (bodza lenileni, ine ndinali nditabayitsa kale dokotala atandilangiza), ndipo sabata yomweyo a Kamanga anali atanena kuti tonse tikabayitse. Anthu anakhamukira panja. Kontena yanga inaikidwa pa boneti ya galimoto, chivundikiro chili apo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

"Amafuna azitithirira mu tiyi," anatero a Phiri, dalaivala wathu, bambo wa ana asanu ndi awiri. "Amenewa ndi otseka chiberekero, ine ndikuwadziwa."

A Kamanga analumbira kuloza kumwamba kuti sakudziwapo kanthu. Anayamba kutifunsa mmodzimmodzi. Apa ndi pamene ndikanatsegula pakamwa, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma itafika nthawi yanga ndinapukusa mutu n'kunena mokweza kuti, "Anthu ena alibe chisoni!" (Inde, ndinadzinyoza ndekha, ndipo a Phiri anandivomereza.)

Ayisi anayamba kusungunuka, madzi akutsetsereka pa boneti. Ine thukuta kamukamu, masiki yanyowa, miyendo ikungopondaponda. Thiri koloko inakwana anthu akukanganabe, ena akuti tipite nazo kupolisi, ena akuti tijambule titumize m'magulu. Mayi Nachisale anatopa nazo. Anavala jumbo kumanja, kunyamula kontena ija, ulendo wa kuchimbudzi chokumba cha alonda.

Sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji a Phiri. Ndinangozimva ndikukuwa.

"Mayi, imani! Muli mwana wanga mmenemo!"

A Phiri anatsitsa masiki.

"Mwana? M'majarini?"

Ndinaulula zonse nditaima pakhomo la chimbudzi: zaka zija, kulera kwabodza kuja, chipatala, folo koloko. Ndinalira mpaka mamina, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. A Kamanga anakanda m'mutu.

"Nanga azakhali aja?"

"Ali moyo, bwana."

"Onse awiri?"

"Ndi amodzi omwewo."

Mayi Nachisale sanaseke. Anandikokera kukhitchini, kupala ayisi wa m'firiji ndi supuni, n'kukhoma chitseko. Folo koloko itakwana iwo anandigwirira bulawuzi ine ndikubaya. Nditatha anati, "Ine kubanja anandithamangitsa chifukwa cha zomwezi, mwanawe. Ndikanataya chimenechi, ndikanakhala munthu wanji?"

Mwezi umenewo sizinatheke. Namwino anati n'kovuta kudziwa ngati linali dzuwa lija kapena ayi, koma ine ndinkangoona madzi aja akutsetsereka pa boneti, ine ndili phee kuteteza bodza langa. Zinandiwawa kwambiri.

Mwezi wotsatira a Kamanga anandilola kupita kuchipatala popanda kupha wachibale aliyense. Tsiku la jakisoni litafika ndinatsegula firiji ya kuofesi n'kupeza shelefu yapamwamba yasesedwa, mabotolo onse achotsedwa. Panali kontena yatsopano yokha, yomata pepala lolembedwa ndi dzanja lokhotakhota la Mayi Nachisale: "OSAKHUDZA. ZA MWANA WATHU."

Amati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndipo ine ndinaziona ndi maso, maliro ake abodza omwe. Mwina mukuti ndinaphunzirapo. Lamlungu lapitali apongozi anaimba foni kufunsa za mdzukulu, ine ndili ndi kakhadi ka kuchipatala m'manja. Ndinawayankha kuti tikulera kaye.